Nkhokwe Pansi pa Chithunzi

Vitus wa ku Chiosya anali munthu woti akapeza anthu awiri akukangana sankawaleretsa ayi. Ankaima poteropo, mutu atapendeketsa, kumvetsera ngati ali m'tchalitchi, ndipo mkangano ukatha ankalondola wogonja uja n'kukamunong'oneza kuti, "Paja anakunenani za mphuno paja, mukanayankha chonchi." Ena ankathokoza. Ena ankamuthamangitsa ndi mpini wa khasu.

Matendawa anamuyamba ali mwana. Chaka china pa sukulu ya mishoni aphunzitsi anamuika m'sewero la Khirisimasi kuti akhale miyendo yakumbuyo ya bulu. Bulu sayankhula, koma wa chaka chimenecho anayankhula, mawu akuchokera chakumchira. Anadandaula kuti ulendo watalika, nafunsa womukokayo ngati kwawo kulibe njinga. Bambo mfumu anaseka mpaka kuvula magalasi. Aphunzitsi anamukwapula Vitus kuseri kwa kalasi. Iye anasunga kusekako, mkwapulowo n'kuuiwala.

Atakula anapeza ntchito ku Mchinji Boma, pa depoti yogulira mbewu, yosoka matumba a mtedza. Ntchito yosoka imatangwanitsa manja okha, mutu umangokhala pa ulova. Ndiye mutu wa Vitus unkapeka anthu, kuwakwatitsa, kuwayambanitsa, kuwapha ndi kuwadzutsa, zingano ikungolowa n'kutuluka.

Esitele, mtsikana wa kwa Dambe, anamuona Vitus koyamba kwawo komweko, tsiku limene kunabwera galimoto ya kanema ya alangizi a zaulimi. Anthu anadzaza bwalo la sukulu dzuwa litangolowa. Chinsalu anachimanga pagolo la mpira, makina analira, zithunzi zinatuluka, koma mawu ayi. Kanemayo anali wa ng'ombe zolowa m'dibi kudziko lina lakutali, ng'ombe zonenepa ngati mvuu, pambali pake mzungu akutsegula pakamwa n'kutseka ngati nsomba. Woyendetsa makina anamenya bokosi, anatukwana chapansipansi, anamenyanso. Amayi anayamba kubereka ana kuti azipita. Apo mpamene mnyamata wina woonda, amene anabwera kwa Dambe kudzaona azakhali ake, anapempha chimkuzamawu.

Anayamba ndi ng'ombe yakutsogolo. "Ine ndasamba kale dzulo, bwana, afunseni apongozi angawa!" Yachiwiri inakana kulowa m'madzi ati yadzola mafuta odula a ku Chipata. Nkhupakupa nazo anazipatsa mawu, zikulira maliro a ana awo. Mzungu uja anayankhula Chichewa cha ku Chiosya chenicheni, kumaitana ng'ombe iliyonse ndi chiwongo chake. Anthu anagwa chagada. Kanema atatha anakana kubalalika, ndipo atamubwereza ng'ombe zija zinanena zina zatsopano. Mpaka lero Vitus akamafotokoza ntchito zake amayambira pamenepo. Amati analembapo kanema, ndipo ukamutsutsa amakufunsa ngati unamvapo ng'ombe ikuyankhula popanda woilembera.

Usiku umenewo maso a Esitele sanali pa chinsalu. Iye sukulu anasiyira Fomu 2, ndipo kumeneko anaphunzirako chinthu chimene sichinalembedwe pa bolodi. Mphunzitsi wawo wina wanthabwala anatengedwa ndi landirova pakati pa phunziro, choko chili m'manja, ndipo sanabwerenso. Ana anauzidwa kuti asafunse. Choncho anthu akuseka ng'ombe, Esitele ankayang'ana anyamata a malaya ofiira, ayufi a chipani, amene anaima kumbuyo, kuti aone ngati nawonso akuseka. Ankaseka. Mtima wake unakhala pansi, ndipo utakhala pansi anaona kuti mnyamata wa chimkuzamawuyo ali ndi makutu okongola. Chaka chotsatira anamanga ukwati, nakakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika wa pa Boma. Kumeneko kunabadwa Rozi.

Pa Bomapo Vitus anali atasonkhanitsa kale gulu la zisudzo. Munali Agatha, namwino wochokera ku Mulanje, wa mawu oti akaitana wodwala m'wodi ankabwera ndi wa kumsika yemwe. Munali Henry, mphunzitsi wa ku Rumphi, amene ankangovomera mbali za munthu wovala tayi. Ndiye munali Mateyo. Mateyo ankanyamula matumba pa depoti pomwepo, munthu wamtali moti akalowa m'nyumba ya mwini ankayamba wapepesa denga. Mawu a m'sewero sankawasunga, ukamuuza m'mawa pofika masana ataya. Koma ankadziwa kugwa. Mateyo akagwa, ngakhale wodwala dzino ankaseka atagwira tsaya, choncho m'sewero lililonse Vitus ankamukonzera pogwera.

Ankasewera Loweruka masana mu holo ya pa Boma. Nkhani zake zinali zimene akuluakulu ankafuna kuti anthu amve: katemera wa ana, feteleza, kuwiritsa madzi akumwa. Koma mkati mwake Vitus ankalowetsamo mikangano ya aneba, ndipo anthu ankabwera kudzamva ngati sabata ino yawo yatuluka.

Ntchito ya Esitele m'gululi inali ziwiri: kusoka ziguduli zopangira makoma a pa nsanja, ndi kumvetsera. Vitus akapeka sewero latsopano ankalinena lonse pakhonde, mkazi wake akuyamwitsa.

"Ndiye ikulowa nkhalamba, ndodo m'manja, chipewa kumutu..."

"Chotsani."

"Ndichotse chiyani, aNambewe?"

"Nkhalambayo, ndodoyo, ndi chipewa chomwe. Simukudziwa amene amayenda ndi ndodo ndi chipewa m'dziko muno?"

"Nanga nkhalamba iliyonse siyenda ndi ndodo?"

"Iziyenda nayo kwawo. Pa nsanja ayi. Bambo a Rozi, mwanayu ngakhale mano sanamere."

Chotero m'masewero a Vitus munalibe nkhalamba. Agogo onse ankakhala atamwalira kale, kapena ali ku Joni. Dokotala munalibenso, pakuti Mtsogoleri wa dziko anali dokotala. Odwala ankachizidwa ndi anamwino, apo ayi ankangochira okha chifukwa cha manyazi. Tambala, pokhala chizindikiro cha chipani, sankabedwa, sankaphedwa, ngakhale kulira sankalira. Akuba a Vitus ankaba abakha okhaokha, ndipo anthu a ku Mchinji anazolowera moti Mateyo akalira ngati bakha kuseri kwa chiguduli, ankadziwa kuti m'seweromo kunja kwayera.

Tsiku la sewero Esitele ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, Rozi ali kumsana. Pa nsanja sankayang'anapo. Ankayang'ana makosi a anthu. Khosi loseka limagwedera, losaseka limauma, ndipo iye ankasakasaka louma. Loweruka lina bambo wina wajekete anakhala sewero lonse osagwedera n'pang'ono pomwe. Esitele anataya chilakolako cha chakudya, kumangodzidzimuka galimoto iliyonse ikadutsa, mpaka Agatha anamuuza kuti bamboyo ndi gonthi, amangobwera mu holo kudzabisala dzuwa.

Mu 1976, anthu atatha kukolola, kunabwera uthenga woti ku Lilongwe kudzachokera bwana wina wosankha masewero oti azikamveka pa wailesi, ndipo adzaonera gulu la Vitus. Vitus anasoka matumba atatu pamodzi osazindikira. Anapeka sewero la mkamwini waulesi amene amaba chimanga cha apongozi ake kukagulira mowa, apongozi akatulukira iye n'kuthawira pa denga la nkhokwe. Phunziro lake linali loti anthu aziika mankhwala a anankafumbwe m'nkhokwe, koma phunzirolo linkabwera kumapeto, mwachidule. Chachikulu chinali chakuti denga libooke, Mateyo agwere mkati.

Anamanga nkhokwe yeniyeni pa nsanja: miyendo ya mitengo, thupi loluka ndi nsungwi, denga la udzu. Pakati pa dengalo anapachirikiza ndi chikhomo, chikhomocho n'kuchimanga chingwe chopita kuseri kwa ziguduli. Ukakoka chingwe, denga linkatseguka, munthu n'kugwera pa matumba a gaga amene anayala mkati. Wokoka chingwe anali Vitus mwini wake, pakuti ankati nthawi yogwa munthu amaidziwa ndi mlembi yekha.

Tsono mu holomo, pakhoma la kumbuyo kwa nsanja, panali chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, monga zinalili m'maofesi ndi m'masitolo monse. Aliyense ankadziwa kuti palibe chinthu chopachikidwa chimene chiyenera kukwera kuposa chithunzi chimenecho. Wotchi ya mu holo anaitsitsa kalekale, moti kuti uone nthawi unkachita kuwerama. Vuto linali lakuti amene anakhoma msomali wa chithunzicho anali munthu wamfupi.

Lachitatu, poyeserera, Esitele anabwera ndi ziguduli zimene anasoka. Anapeza Mateyo ataima pa denga la nkhokwe, dzanja pachipumi, ngati akusuzumira apongozi. Mutu wake unali kumwamba kwenikweni, pafupi ndi malata. Chithunzi chija chinali kumbuyo kwake, molunjika ndi zigamba ziwiri za pa kabudula wake.

"Alamu, tsikani!" Esitele anakuwa, ziguduli n'kugwa pansi. "Tsikani msanga!"

Mateyo anatsika m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Atadzuka n'kusasa fumbi, Esitele anawalozera khoma ndi mlomo, pakuti chala sichikanatheka. Onse anayang'ana. Henry anamasula tayi pang'ono.

"Aaa, aNambewe," anatero Vitus. "Lamulo likunena za zithunzi, mawotchi ndi makalendala. Mateyoyu ndi kalendala?"

"Zimenezo mukawafotokozere muli mu landirova."

"Sanapachikidwe. Wakwera yekha."

"Wamukweza ndani? Analemba kuti akwere ndani? Akadzafunsa kuti mwini seweroli ndani, alamuwa adzaloza bakha?"

"Ine ndidzaloza achimwenewa," anatero Mateyo mosabisa.

Henry, pokhala mphunzitsi, ananena kuti nzeru yake n'njapafupi: chithunzicho achikweze. Anabwereka makwerero kuchipatala n'kuwatsamiritsa kukhoma. Atawatsamiritsa mpamene anaona kuti wokwera kukakhoma msomali watsopano ayenera kukwera kuposa chithunzicho, ndipo china ayenera kuchichotsa kaye pakhoma ndi manja ake, anthu akuona pawindo. Nanga chitapulumuka? Henry anakumbukira kuti ali ndi msana. Agatha anati mkazi sakwera makwerero pamaso pa amuna. Mateyo anati iye ndiye mlandu womwewo. Makwerero anakhala pakhomapo tsiku lonse, aliyense akuwalambalala ngati njoka.

Anaganiza zodula miyendo ya nkhokwe, koma Vitus anakana: nkhokwe yokhala pansi alangizi adzati tikuphunzitsa anthu kudyetsa makoswe. Anadulako pang'ono pokha, koma Mateyo anali Mateyo yemweyo. Anaganiza zoti pa denga pakwere Henry, yemwe anali wamfupi, koma iye anafunsa ngati mkamwini wakubayo angathe kuvala tayi, ndipo nkhani inathera pompo. Kusewerera panja nakonso sikukanatheka, mphepo ya mwezi umenewo ikanaulutsa ziguduli ndi bwana yemwe.

"Tikafunse a Tcheyamani," anatero Vitus. Esitele sanafune, koma anatsatira kuti akamve yekha zimene mwamuna wake akanene.

A Maliko, tcheyamani wa nthambi ya chipani, ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Anawapeza akupopa tayala. Vitus anagwada mwaulemu n'kufotokoza zonse: nkhokwe, Mateyo, msomali, zigamba. A Maliko anapitiriza kupopa, kupopa, mpaka Esitele anaopa kuti chubu chiphulika. Kenaka anayang'ana kumanzere, kumanja, ndi mumtengo momwe.

"A Vitus, mwati chiyani? Ine sindinamve."

"Ndimati, a Tcheya, kodi munthu akakwera..."

"Sindinamve, ndikutero! Taonani. Ndikati n'zololedwa, n'kupezeka kuti n'zosaloledwa, adzatenga ine. Ndikati n'zosaloledwa, adzafunsa kuti munthu woganiza zoterezi ndakhala ndikumusunga bwanji m'nthambi yanga. Adzatengabe ine, inu atakutengani kale. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi ndi njinga za eni ake."

"Ndiye titani, a Tcheya?"

"Inu mwabwera kudzapopetsa njinga."

"Njinga tilibe."

"Basi, simunabwere. Mayi, mwana akukula bwino? Pitani bwino."

Pobwerera Esitele ankayang'ana msewu wopita kumalire, akuganiza kuti ku Chipata angakafike ndi mwana kumsana kapena ayi, ndipo akakafika akagogoda pakhomo la yani. Chimene chinamupweteka kwambiri chinali kuganiza za Rozi atakula, anzake akumufunsa kuti bambo ako anapita kuti, iye n'kumayankha kuti anatengedwa chifukwa cha zigamba za a Mateyo.

"Lisiyeni seweroli," anatero atafika kunyumba.

"Bwana wa ku Lilongwe sabwera kawiri."

"Landirova nayo sibwera kawiri. Imangobwera kamodzi."

Vitus anakanda khutu. Kenaka nkhope yake inawala, ndipo Esitele anachita mantha kwambiri, pakuti ankaidziwa nkhope imeneyo.

"Dzungu!" anakuwa Vitus. "Asaimirire. Agone chafufumimba pa denga, adzipinde, akhale ngati dzungu loyanika. Apongozi abwere ndi munsi, azigogoda maungu kuti amve lokhwima!"

M'mawa mwake Esitele anapita ku holo ndi nsungwi yaitali. Anagoneka Mateyo pa denga, nayeza kuchokera pansi mpaka pamene thupi lake linatumphukira kwambiri, kenaka anayeza kukhoma, osakhudza kanthu. Panatsala mpata wa chikhatho chimodzi.

"Alamu, mukadzutsa mutu, ine ndi inu tidzaonana."

"Sindidzutsa, alamu. Dzungu lili ndi mutu ngati?"

"Ngakhale kukuyabwani."

"Ngakhale kundiyabwe."

Loweruka holo inadzaza mpaka m'mawindo. Kunabwera anthu a kwa Dambe pa ngolo, a ku Chiosya pa njinga. Ayufi anandandalika m'mbali mwa makoma. Kutsogolo anaika mpando wa khushoni wa bwana wa ku Lilongwe, a Maliko atakhala pambali pake ndi jekete lobwereka. Tsiku limenelo Esitele sanakhale kukhomo. Anakhala kumapeto kwa benchi yakutsogolo, pafupi ndi pokwerera pa nsanja, kuti Mateyo azimuona m'maso.

Bwana sanafike. Anadikira, ana anayamba kulira, ogulitsa zitumbuwa anatha malonda. Potsiriza a Maliko anawerama kuyang'ana wotchi, nalamula kuti ayambe. Anapemphera, anaimba nyimbo ya fuko, sewero linayamba.

Linayenda bwino kwambiri. Bakha analira, kunja kunayera. Mateyo anaba chimanga, anamva kutsokomola kwa apongozi, nakwawira pa denga ngati buluzi, mimba osaichotsa pa udzu. Agatha, amene ankasewera apongozi, analowa ndi munsi, chitenje atamanga m'chiuno.

"Maungu angawa akhwima koma?" Anagogoda loyamba. Anagogoda lachiwiri. Anafika pa Mateyo. "Ili sindinaliike ine ili. Dzungu lovala kabudula?" Analigogoda, dzungu linabuula. "Ee, lawola mkati ili!"

Anthu anagwirana mapewa. Esitele anayang'ana makosi a ayufi, onse ankagwedera. Anayang'ana mpata wa pakati pa Mateyo ndi chithunzi, unalipo. Anayamba kupuma.

Apo panja panamveka galimoto.

Vitus, amene anali kuseri kwa ziguduli chingwe chili m'manja, sanapirire. Anamangirira chingwecho kumtengo, natulukira khomo lakumbuyo kuti akakhale woyamba kupatsa bwana moni. Bwanayo analowa, munthu wamfupi wa suti yakuda, nsapato zili fumbi lokhalokha, wapolisi akumutsatira, Vitus akuyenda chammbali pambuyo pawo akuwomba m'manja. A Maliko anadzambatuka.

"Imani kaye! Imani! Alendo athu olemekezeka afika. Zimene tinachita poyamba zija sizikuwerengedwa. Tiyambirenso mwadongosolo. Tonse tiimirire, tiimbe nyimbo ya fuko lathu!"

Mwana aliyense m'dziko muno amadziwa zimene zimachitikira munthu wopezeka atakhala pansi nyimbo imeneyo ikuimbidwa. Nanga wogona chafufumimba? Esitele anayang'ana pa denga. Mateyo anali akumuyang'ana kale, maso ngati a mbuzi ya pa msika. Akagona, mlandu. Akaimirira, mlandu, pamaso pa ayufi, wapolisi ndi bwana wa ku Lilongwe. Ndipo mwini sewero, milandu yonse iwiriyo, anali bambo a Rozi. Bondo limodzi la Mateyo linayamba kudzikokera pansi pa mimba.

Anthu ambiri akamaimirira satero nthawi imodzi. Mabenchi amakhuluka, amayi amamanganso zitenje, wina amafunafuna chipewa, wina amadzutsa mwana. M'phokoso limenelo Esitele anakwera pa nsanja chowerama, Rozi ali kumsana, nalowa kuseri kwa ziguduli. Anapeza chingwe chitamangidwa mfundo ya wosoka matumba, yoti ngakhale ndi mano siimasuka. Anachigwira pakati n'kukoka. Chikhomo sichinasunthe. Anamva Henry akukonza kukhosi kuti ayambitse nyimbo. Esitele anadzikulunga chingwecho m'chiuno, anagwira mwana ndi dzanja limodzi kumbuyo, nadzigwetsa pansi ndi thupi lonse.

Chikhomo chinauluka. Denga linatseguka. Kunamveka chiphokoso ngati ngolo yagubuduzika, ndipo gaga anafuka nsanja yonse ngati utsi. Nthawi yomweyo Henry, amene anali atatsinzina kale, anayambitsa nyimbo, ndipo nyimbo imeneyo ikayamba palibe woimitsa.

Fumbi litayamba kutsika, m'nkhokwe munatuluka mutu. Unali wa Mateyo, woyera mbuu, udzu uli m'makutu. Anaimirira chilili mkati mwa nkhokwemo, manja m'mbali, mutu uli pansi pa chithunzi ndi mpata wokwanira bwino lomwe, akuimba besi ndi mtima wonse. Chiguduli chimodzi nacho chinali chitagwa, ndipo kuseri kwake anthu anaona Esitele ataima njo, chingwe chili m'chiuno ngati mbuzi yothawa, Rozi akuyetsemula kumsana.

Kuseka nyimbo ili mkati kunali koopsa kuposa zonse. Holo yonse inaimba mano atalumana. Mawu ankatuluka onjenjemera ngati a nkhosa. Mayi wina wa kwa Dambe analuma chitenje. Ayufi ankayang'ana malata, misozi ikutsika. A Maliko anatsinzina mwamphamvu ngati akubayidwa jakisoni. Rozi ankayetsemula kumapeto kwa mzere uliwonse, mosaphonya. Anthu amene analipo amati sanamvepo nyimboyo itatalika chotero.

Itatha kunali zii. Palibe anakhala pansi. Maso onse anali pa bwana wa ku Lilongwe, ndipo a Esitele anali pa khosi lake. Bwanayo anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta gaga pa phewa la suti, anapukuta pa phewa linalo. Khosi lija linali louma. Kenaka linagwedera kamodzi. Bwana anakhala pampando mwadzidzidzi, anaphimba nkhope ndi kansalu kaja, ndipo phokoso limene linatuluka m'menemo linamasula holo yonse. Anthu anaseka mpaka ena anatuluka kukatsamira khoma panja.

Sewero silikanapitirira, pakuti mathero ake anali atadyedwa kale. Agatha anangomenya nkhokwe ndi munsi n'kukuwa kuti, "Ikani mankhwala a anankafumbwe m'nkhokwe zanu!" ndipo anthu anawomba m'manja.

Koma mmodzi wa ayufi, mnyamata wa nkhope yosakhutira, anapukuta misozi n'kuyandikira a Maliko. Esitele anali pafupi, akumasula chingwe, ndipo anamva zonse.

"A Tcheya, munthu uja wagweranji nthawi imeneyo? Si chipongwe chimenechi?"

A Maliko anayang'ana bwana, amene anali akusekabe. Anayang'ana wapolisi, amene anali atagwira lamba. Kenaka anakweza mawu kuti holo yonse imve.

"Chipongwe? Iwe, munthu wamva kuti tiimirire, waboola denga ndi thupi lake kuthamangira kukaima pansi mwaulemu, iwe ukuti chipongwe? Iweyo unaboolapo chiyani chifukwa cha dziko lako?"

Mnyamata uja anabwerera kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo a Maliko ankatchula Mateyo pa misonkhano ngati chitsanzo, ndipo Mateyo ankaimirira n'kuwerama, osadziwa bwinobwino chimene anachita.

Bwana anaitanitsa mlembi wa sewero. Vitus anapita chifuwa chili patsogolo.

"Achimwene, chiyambi sindinachione, koma mathero ake ndi oopsa," anatero bwanayo akumugwira chanza. "Ndaseka ngati mwana. Kungoti ine ndimasankha za pa wailesi. Pa wailesi munthu akagwa saoneka. Muli nalo lina loti anthu amangoyankhula?"

Vitus anayang'ana Mateyo, amene mawu sankawasunga. Sewero lotero analibe.

Popita kunyumba Vitus anayenda patsogolo, manja kumbuyo, osacheuka. Esitele ankatsatira pang'onopang'ono. Atadutsa msika Vitus anaima.

"Mwandidyera mathero pakati pa sewero, aNambewe."

"Eya."

"Panali patatsala mawu abwino kwambiri. Apongozi amayenera kunena kuti dzungulo aliphika."

"Mudzawanena kunyumba. Ine ndi Rozi tidzaseka."

Anayendanso pang'ono. Vitus anayamba kukanda khutu.

"Lotsatiralo..."

"Palibe wokwera."

"Ayi, ayi. Ndaganiza za madzi aukhondo. Mateyo akukumba chitsime. Tichotsa matabwa a pa nsanja, alowe pansi, mutu wokha uzioneka."

Esitele anaganiza kaye. Anafunafuna nkhalamba m'chitsimemo, dokotala, tambala, osapeza.

"Chikhale chakuya kuposa pamenepo," anatero.

Ku Lilongwe Vitus sanapiteko. Akusokabe matumba pa depoti, ndipo madzulo aliwonse amabwera kunyumba ndi miyendo yake, ulusi wa chiguduli uli m'tsitsi. Masewero walemba ambiri chichokereni tsiku lija, ndipo onse amachitikira pansi: m'chitsime, kunsi kwa bedi, m'dzenje la manyowa, m'ngalande ya msewu. Mateyo sagwanso kuchokera pamwamba, amagwa kuchokera pansi kupita pansi kwambiri, ndipo anthu amaseka chimodzimodzi. Mphunzitsi wina wa ku sekondale anabwera kudzaonera, nanena kuti kuika anthu onse pansi chotero kuli ndi tanthauzo lakuya. Vitus anavomera ndi mutu. Esitele anamuyang'anitsitsa mphunzitsiyo, n'kufufuza kwa Agatha kuti ndi wa kuti ndipo amacheza ndi yani.

Rozi tsopano akuyenda, ndipo wayamba kukwera chilichonse chimene wapeza: mpando, mtondo, thumba la makala. Bambo ake amati mwanayu adzakhala wa zisudzo. Mayi ake amangomutsitsa.